Maola Awiri ndi Mphindi Makumi Awiri

A Yona Nhlane anamwalira Lamulungu m'mawa ku chipatala cha mishoni ku Embangweni, ndipo pofika Lolemba masana funso linali litatsala limodzi lokha: aikidwe liti. Thupi linali m'mochale, mozizira, ndipo likanatha kudikira sabata yonse. Amene sakanatha kudikira anali amoyo. Anali atadzaza kale pakhomo pa malemuwo, m'mudzi wa kuseri kwa Champhira, mwezi wa Okutobala, aliyense atasiya munda wake wosalima.

Ankadikira Mthokozi, mwana wamkazi woyamba kubadwa wa a Yona. Anapita ku Joni zaka zisanu ndi zinayi zapitazo ndipo sanabwereko. Masiku amene anamulola kukhala m'dzikomo anatha mwezi woyamba womwe. Aliyense ku Mzimba amadziwa mmene munthu wotere amabwerera kumudzi: amakwera basi, ndipo pachipata cha m'malire pali njira zake. Akakwera ndege amamudinda m'pasipoti kuti asapondenso kumeneko kwa zaka zisanu. Koma basi yotsatira inali kunyamuka Lachitatu, kudzafika Lachisanu. Mthokozi anasankha ndege ndi chidindo chake. Ankafuna kuona nkhope ya bambo ake bokosi lisanatsekedwe.

M'mudzimo foni inkagwira malo amodzi okha, pachulu cha kuseri kwa khola la ng'ombe. NyaThole, mayi wa anawo, anali namfedwa ndipo sakanatuluka m'nyumba kupita kukakwera chulu. Choncho uthenga wonse wa ku Joni unkadzera mwa Chikhumbo, mlongo wake wamng'ono wa Mthokozi. Lolemba m'mawa Chikhumbo anakwera pachulupo n'kulandira chithunzi cha tikiti. Panali mizere iwiri. Woyamba: Lachiwiri, naini koloko m'mawa, kuchoka ku Johannesburg kupita ku Nairobi. Wachiwiri: Lachitatu m'mawa, kuchoka ku Nairobi kupita ku Lilongwe. Pansi pake Mthokozi analemba kuti: "Ndege zolunjika zadzaza mpaka Lachinayi, ndapeza iyi basi. Uwauze adada Zondwayo kuti Lachitatu 2 koloko ndikhala nditafika. Asatseke bokosi."

Chikhumbo anawerenga kawiri, n'kuika foni m'thumba.

Iye anaphunzira masamu ku yunivesite, ndipo chaka chimene anamaliza ndi chomwe a Yona anagwa ndi sitiroko pakhonde, atangopuma ntchito yocheka matabwa ku Chikangawa. Anzake a m'kalasi anapita ku Lilongwe. Iye anapempha malo pa sekondale yoyendera ya pafupi ndi kwawo kuti azitha kuwatembenuza bambo ake m'mawa, masana ndi madzulo, chifukwa amayi ake analibe mphamvu zonyamulira mwamuna wamkulu. Kwa zaka zinayi ndiye ankawasambitsa, kuwameta ndevu, kuwapaka mankhwala pa zilonda za kumsana ndi kuchapa zofunda zomwe sakanazipereka kwa munthu wina. Mthokozi anatumiza njinga ya olumala pa basi. Inafika yokulungidwa m'mapulasitiki, anthu anabwera kudzaiona, ndipo abusa anaitchula paguwa. Sinkayenda pamchenga wa pakhomopo, ndiye inkangokhala pabalaza, ataikapo wailesi.

Sitiroko inawasiyira a Yona mawu ochepa, ndipo pa ochepawo lomveka bwino linali limodzi. Chikhumbo akalowa ndi beseni, bambo ake ankayang'ana kumbuyo kwake, kukhomo, n'kufunsa kuti, "Thoko?" Chikhumbo ankakonda kuwerengera zinthu zosafunika kuziwerengera, ndipo tsiku lina anapeza kuti funsolo anali atalimva maulendo oposa zikwi zinayi.

Amuna anakumana pansi pa mtengo wa mango dzuwa litapendeka. Wotsogolera anali a Zondwayo, mng'ono wawo wa malemu, omwe anagwira ntchito ya m'munda wa maluwa ku Joni zaka makumi awiri ndi ziwiri. Msewu wa ku Joni ankaudziwa ngati njira ya kudimba: Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge, pogona, pogula madzi, pomwe basi imafera. Ndege sanakwerepo.

"Asambizgi," anatero a Zondwayo. Ankamuitana choncho Chikhumbo akafuna kumukumbutsa kuti uphunzitsi si ukulu. "Mlongo wanu akukwera liti?"

"Mawa naini koloko, adada."

"Mawa. Yewo. Nanga ndege kuchoka ku Joni kufika ku Lilongwe imatenga nthawi yaitali bwanji? Tiuzeni inu a masamu."

Chikhumbo analiona funsolo mmene linakhalira. Chaka chilichonse mayeso akayandikira ankauza ana a Fomu 4 chinthu chimodzi: yankhani zomwe mwafunsidwa, zomwe simunafunsidwe zilibe malikisi.

"Maola awiri ndi mphindi makumi awiri."

Amuna anayang'anana. Wina anaseka, n'kukumbukira kuti ali pamaliro, n'kusandutsa kusekako chifuwa.

"Maola awiri?" anatero a Zondwayo. "Ine maola awiri ndimakhala ndidakali pamzere pa Beitbridge, thumba lili pamutu, chikhodzodzo chili pakhosi."

"Ndi makilomita pafupifupi 1,490 mukawongola mzere, adada. M'mwamba mulibe milatho."

"Mulibe milatho," anabwereza a Zondwayo mokhutira, ngati ndi iwo amene anaichotsa. Anatola kamtengo n'kuyamba kulemba pansi. "Naini kuonjeza awiri, leveni. Ndi mphindi zake zija. Timupatse mpaka thwelofu, atenge masutikesi, a ku Joni sabwera chimanjamanja. Kuchoka pa bwalo la ndege kufika pano pa galimoto yahayala?"

"Maola atatu, msewu ukakhala bwino."

"Fili koloko. Mbwenu ali pano. Aone nkhope, folo koloko tanyamula. Akachedwa pang'ono palibe vuto, abusa athu mukawapatsa ola limodzi amatenga awiri." Anakweza mutu. "Masamu ali bwino, asambizgi?"

Chikhumbo anayang'ana manambala a pamchenga.

"Kuphatikiza kuli bwino, adada."

"Mwamva nokha. Maliro mawa."

Chikhumbo anadziuza kuti anena za ku Nairobi amunawo akabalalika, kuti asawachititse manyazi a Zondwayo pamaso pa anthu. Amuna atabalalika, njinga zinali zitanyamuka kale kukalengeza m'midzi ndi kutchalitchi. Anadziuza kuti anena m'mawa. Sanamve chisoni ndipo sanamve kukoma. Anangoona kuti pa mafunso anayi amene anafunsidwa sanalakwitse ngakhale limodzi.

Lachiwiri kutangocha pikapu inanyamuka kukatenga thupi ku Embangweni. A Jonasi, mkulu wa okumba manda, anabwera ndi gulu lawo, makasu ndi mapiki ali pamapewa. Anamupeza Chikhumbo akusamba m'maso kuseri kwa nyumba.

"Aphunzitsi, ife tikupita. Koma ndifunse kaye, chifukwa a ku Joni timawadziwa. Mwana uja afikadi lero?"

"Adada Zondwayo anawerengera dzulo."

"Sindikufunsa a Zondwayo. A Zondwayo anawerengerapo kuti mvula ibwera pa fifitini, tinabzala, tinabzalanso. Ndikufunsa inu. Mukudziwa kuti tikangotema dothi, basi. Manda sagona opanda mwini wake. Dzuwa likamalowa mukhale mutalowa munthu."

Madzi ankatsika m'chibwano cha Chikhumbo n'kumagwera pa malaya.

"Ndege inyamuka naini koloko, a Jonasi."

"Mbwenu," anatero a Jonasi, n'kukweza khasu.

Chikhumbo analowa m'chipinda chake n'kutsegula buku la mapu la kusukulu. Anaika rula pakati pa Johannesburg ndi Nairobi: makilomita pafupifupi 2,900. Nairobi kubwerera ku Lilongwe: 1,430. Pamodzi zinali pafupifupi katatu mtunda weniweni. Atati achotse rula anaona chinthu china, ndipo anabwezera rulayo pamalo pake kuti atsimikize. M'mphepete mwake munkadutsa chakumadzulo pang'ono kwa Champhira. Mlongo wake adutsa pamwamba pa mudzi. Anawerengera ndi nthawi yomwe: leveni koloko ndi mphindi khumi ndi zinayi.

Nthawi imeneyo itakwana anadzipereka kunyamula ndowa ya chindongwa, thobwa la kumeneko, kupita nayo kwa okumba. Dzenje linali litafika m'chiuno. Dothi linali louma ngati njerwa ndipo amuna ankasinthana piki akutukwanizana, monga amachitira anthu a ntchito imeneyi.

"A Yona awa ankacheka matabwa, koma taonani atisiyira mwala," anatero mmodzi.

"Kumba iwe. Ako tidzakumba a m'mawondo, agalu asavutike."

A Jonasi anamwa, napukuta pakamwa, n'kuloza kumwamba ndi chikho. M'thambo loyera ndi utsi wa moto wolusa munali kamzere kopyapyala, kolowera kumpoto. Ndegeyo sinkaoneka, ndipo phokoso lake linafika mochedwa.

"Aphunzitsi, si uyo mlongo wanu? Wapitirira! Kondakitala wagona!"

Okumba anaseka onse. Wina anaimika dzanja ngati akuimitsa minibasi.

"Wotsika! Wotsika pa Champhira!"

Chikhumbo anayang'ana wotchi ya pafoni. Inali leveni koloko ndi mphindi khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Anali ataphonya ndi mphindi zitatu zokha.

Pikapu inafika dzuwa lili paliwombo. Amayi a Umanyano, gulu la amayi a mpingo, anailandira ndi nyimbo pa mphambano n'kuyenda nayo pang'onopang'ono mpaka pakhomo. Bokosi linalowa pabalaza, pansi pa malata opanda siling'i. Njinga ya olumala anaitulutsa kuti papezeke malo, ndipo ana anayamba kukankhana nayo kuseri mpaka wina anawakalipira. Pofika wani koloko amayi okhala pafupi ndi bokosi anali atayamba kudzikupiza ndi nsonga za zitenje.

Thu koloko a Zondwayo anamukodola Chikhumbo.

"Tiyeni pachulu, timve kuti wafika pati."

Anakwera awiri. Foni itangogwira, inalira.

"Chikhu?" Mawu a Mthokozi anali otopa, ndipo kumbuyo kwake kunkamveka chimkuzamawu cholengeza m'Chingerezi. "Ndatsika bwino. Amama ali bwanji? Adyako kanthu?"

A Zondwayo analanda foni.

"Thoko, mwana wane, wafika pati? Pa Kasungu wadutsa?"

"Adada? Kasungu? Ndili ku Nairobi."

"Kuti?"

"Ku Nairobi, ku Kenya. Ndigona pampando pompano. Ya ku Lilongwe ndi mawa m'mawa."

"Ku Kenya ukutaniko? Maliro ali ku Kenya?"

"Ndi mmene tikiti ilili, adada. Zolunjika zinadzaza."

Mphepo inabweretsa nyimbo kuchokera pakhomo. Mthokozi anatchera khutu.

"Imeneyo amaimba thupi likafika. Adada, thupi lili kuti?"

"Lili m'nyumba. Manda atha. Tikudikira iwe basi."

"Ayi. Ayi, ayi. Ndinalemba Lachitatu. Chikhumbo ali ndi tikiti yanga kuyambira dzulo m'mawa. Mufunseni. Chikhu! Uli pomwepo? Uwaonetse!"

A Zondwayo anatseka foni ndi chikhatho n'kumuyang'ana mwana wa mkulu wawo.

"Zoona?"

"Simunandifunse, adada."

A Zondwayo za ndege sankazidziwa, koma anthu ankawadziwa. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana kumtengo wa mango, komwe dzulo lake anagwada pamaso pa amuna makumi awiri n'kulemba manambala ndi dzanja lawo.

"Izi sizitsika pachulu pano," anatero motsitsa mawu. Anachotsa chikhatho. "Mwana wane, manda sagona. Unakulira konkuno, ukudziwa wekha."

"Bwezerani thupi kumochale. Tsiku limodzi lokha."

"Kubweza maliro? Anthu atiyesa chiyani? Midzi isanu ili pano."

"Ndiye ikanimo thunthu la nthochi m'mandamo, ngati mmene anachitira kwa a Moyo chaka chija. Adada, ndapota nanu. Andidinda m'mawa uno. Zaka zisanu. Ntchito ndasiya, nyumba ndasiya, katundu yense ndamusiya. Ndabwerera nkhope yokha basi."

"Ukanakwera basi ngati anthu."

"Basi ikanafika Lachisanu!"

"Bola tikanadziwa kuti ndi Lachisanu. Basi siipita ku Kenya."

Anamubwezera foni Chikhumbo n'kuyamba kutsika, akugwira udzu kuti asaterereke. Chikhumbo anaiika pakhutu. Ankayembekeza kutukwanidwa, ndipo anali atakonzeka. Mlongo wake sanamutukwane.

"Chikhu," anatero, "ndijambulire. Nkhope yokha. Akatsegula bokosi, ndijambulire. Ndapota nawe."

"Chabwino, asisi."

A Zondwayo analengeza ataima pakhonde, chipewa chili m'manja.

"Abale, mwana wathu Mthokozi watumiza uthenga. Waona kuti ayambe wadzera ku Kenya. Akuti afika mawa. Ife tachita mbali yathu, tamudikira. Mwambo upitirira."

Panamveka phokoso lapansipansi. Uthengawo unayenda kuchoka kwa amuna kupita kwa amayi, n'kukafika kwa ophika kuseri kwa nyumba, ndipo pofika kumeneko unali utanenepa: Mthokozi ali ndi mwamuna ku Kenya, wamalonda, ndipo anayamba wapita kukamutsanzika.

NyaThole anamuitanitsa Chikhumbo. Anali atakhala pamphasa kumutu kwa bokosi, maso atatupa.

"Si iwe unati maola awiri?"

"Ndi maola awiri, amama, ikakhala yolunjika."

"Nanga iyeyo bwanji sanakwere yolunjika? Bambo ake amuitana zaka zinayi, iye n'kumapita ku Kenya?"

Funso limeneli linali ndi yankho, ndipo yankholo linali m'thumba la Chikhumbo, pansi pa chithunzi cha tikiti. A Zondwayo anali ataima pakhomo. Chikhumbo anayang'ana pansi.

NyaThole anatembenukira kwa mlamu wawo.

"Alamu, ngakhale walakwa, ndi mwana. Sitingaike nthochi, tidikire mawa?"

"Alamu, fungo mukulimva nokha. Mawa muonetsa anthu chiyani?"

NyaThole anakoka chitenje n'kuphimba kumaso.

Bokosi analitulutsa panja fili koloko, monga mwa masamu a pamchenga. Atatsegula chivundikiro, a Zondwayo anaima kumutu.

"Mafoni m'matumba. Mkulu wanga si mkwati."

Mzere unayamba ndi achibale. Chikhumbo anali wachitatu, pambuyo pa amayi ake ndi azakhali amene ankawagwirizira. Dzanja lake linali m'thumba, chala chili pafoni. Mzere unayenda, iye anayenda nawo, ndipo anapezeka ali mbali inayo, azibambo akumugwira paphewa. Abusa analalikira ola limodzi ndi theka za mwana amene amakhala ndi mwana amene amachoka, ndipo anthu ankatembenuka kumuyang'ana Chikhumbo mwaulemu. Dzuwa lisanalowe a Jonasi anali atasalaza mtumbira ndi kumbuyo kwa fosholo.

Mthokozi anafika Lachitatu kutatsala mphindi khumi kuti ikwane thu koloko. Anafulumira kuposa mmene analembera. Galimoto inamusiya pa mphambano ndi kachikwama kamodzi ka m'manja. Anthu a midzi ina anali atapita, ndipo otsala ankabweza mabenchi kutchalitchi. Anayamba kulira ali panjira, monga amachitira wofika pamaliro, koma amayi amene anayenera kutuluka kudzamulandira n'kulira naye anatuluka awiri okha, ndipo mmodzi anasiya msanga.

"Mwayenda bwanji, a ku Kenya?" anafunsa mayi wina amene ankatsuka miphika, osakweza mutu.

M'nyumba, NyaThole anamulola kuti awakumbatire. Manja awo anakhala pamiyendo.

"Wafika," anatero.

"Ndafika, amama."

"Chikhumbo akuperekeze ukaone pomwe agona."

Anayenda awiri, Chikhumbo patsogolo. Mthokozi anali atanenepa pang'ono ndipo ankayenda ngati munthu amene waiwala mchenga. Kumanda, mtumbira unali wofiira, nkhata za maluwa apulasitiki zili pamwamba. Mthokozi anagwada, naika chikhatho padothi, n'kukhala choncho nthawi yaitali. Sanalire.

"Sindikufunsa chifukwa," anatero osatembenuka. "Ndakhala pampando maola khumi ndi asanu ndi awiri, chifukwacho ndachipeza ndekha. Ndipatse chithunzi."

"Adada Zondwayo analetsa mafoni."

"Unayesa?"

"Anaima kumutu kwa bokosi."

"Ndati unayesa?"

"Ayi."

Mthokozi anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati walandira yankho lomwe ankaliyembekezera. Anadzuka n'kusasa dothi m'mawondo.

"Ndiye ndiuze. Ankaoneka bwanji?"

"Ngati akugona."

"Usandiuze zimene amanena aliyense. Iwe unkawameta. Mbali yopuwala ija inawongoka? Amati munthu akamwalira imawongoka. Pakamwa panali potseka? Imvi zinafika pati? Ine ndinawasiya tsitsi lili lakuda."

Chikhumbo anatsegula pakamwa. Nkhope ya bambo ake ankaidziwa kuposa yake: kachipsera ka pansi pa khutu pomwe lezala linkakodwa, tsaya lakumanzere lomwe ankalikoka ndi chala kuti limeteke. Anafunafuna nkhope ya dzulo. Anapeza chogwirira cha bokosi, chagolide wabodza, chokhala ndi msomali umodzi wopindika. Anapeza nsalu yoyera ya m'mphepete, ndi nsapato za a Zondwayo, yakumanja yopanda chingwe. Pamwamba pa zimenezo panalibe kanthu.

"Sindinayang'ane," anatero.

"Chiyani?"

"Ndinadutsa. Sindinayang'ane."

Mthokozi anamuyang'ana koyamba chifikireni, kuyambira kumaso mpaka kumapazi.

"Ndiye unandilanda nkhopeyo kuti upite nayo kuti?"

Sanadikire yankho. Anabwerera yekha kumudzi, ndipo Chikhumbo anamutsatira chapatali. Anamuona akugwada pafupi ndi azakhali aja, kenako pafupi ndi mayi wotsuka miphika, kenako akuimitsa amuna awiri onyamula benchi. Aliyense ankamufunsa zofanana, ndipo aliyense ankayankha mwaulemu, akuyang'ana kumbali: anali bwino chomene, ngati akugona. Za tsaya palibe anaona. Za imvi wina anati zinali zambiri, wina anati anawameta mpala. Mkulu wa mpingo anati iye amayang'ana tayi basi, ndipo tayi inali yabuluu.

Atafunsa munthu wa khumi ndi mmodzi, mtsikana wina anamuuza kuti kuli gogo kutsidya kwa dambo amene amachedwa pa bokosi lililonse mpaka kumukoka. Mthokozi anafunsa njira, anavula nsapato za ku Joni n'kuzigwira m'manja, ndipo anatsikira kudambo.